Kugulitsa Galimoto Yakale Potsegula Shedi ya Umisiri ku Mphamba

Kudera la Mfumu Mphamba, pafupi ndi boma la Lundazi kum'mawa kwa Zambia, galimoto imene yatha zaka 40 ikuyendabe ndi chuma chovuta kuchitchulira mtengo. Mitundu yake ndi yowerengeka, ndipo amene anakula m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 amaizindikira pongomva kulira kwa injini: Land Rover, Peugeot 404 ndi 504, Datsun, Fiat ndi Land Cruiser zakale zija. Mwini galimoto yotere akaganiza zoigulitsa kuti apeze mpamba wotsegulira shedi ya ukalipentala, yowotcherera zitsulo kapena chipala, amakhala akutaya chinthu chodya ndalama kuti agwire chinthu chobala ndalama. Papepala nkhaniyi ndi yaifupi. Imatalika chifukwa galimotoyo ili ndi mbiri, ili ndi abale amene amaiyesa yawo, komanso yakhala ikugwira ntchito pamudzi imene palibe anailemba paliponse.

Ambiri mwa magalimotowa anafika ku Lundazi kudzera m'boma ndi m'mamishoni. Land Rover inayamba kupangidwa ku Britain mu 1948, m'nyengo yomwe Errol Button, amene ankayang'anira bomali m'nthawi ya atsamunda, ankamangitsa nyumba yonga linga imene lero ndi Castle Hotel. Posakhalitsa Land Rover inasanduka galimoto ya apolisi, ya alangizi a zaulimi, ya zipatala ndi ya ansembe, ndipo zikatopa zinkagulitsidwa kwa madalaivala ndi amakaniko omwe ankazidziwa bwino. Magalimoto ena anabwera ndi anthu opuma pantchito: aphunzitsi, makalaliki ndi amuna amene anathera unyamata wawo kumigodi ya ku Kitwe, Luanshya ndi Mufulira, n'kubwerera kwawo ndi mabokosi, malata ndi galimoto. Masiku amenewo Zambia inkalumikiza yokha magalimoto. Kampani ya Livingstone Motor Assemblers inayamba ndi Fiat kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 ndipo pambuyo pake inalumikizanso Peugeot, pomwe Land Rover zinkalumikizidwa ku Ndola.

Mtengo wa kopa utagwa mu 1975, ndalama zakunja zinasowa, ndipo galimoto yatsopano ngakhalenso masipeya zinakhala zovuta kupeza. Apa m'pamene panayambira chikondi chimene anthu amachiona lero pakati pa nkhalamba ndi galimoto yake. Munthu amene anali ndi Peugeot ku Lundazi sakanayembekezera sipeya yochokera ku France. Anaphunzira kudula gasiketi papepala lolimba, kutsuka kabuleta, kupala mapointi, kumanga sipuling'i yothyoka ndi mphira mpaka akafike ku Chipata, mtunda wa makilomita pafupifupi 180. Boma litasintha mu 1991 ndi kutsegula malonda, magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito a ku Japan anayamba kulowa mwaunyinji kudzera ku Dar es Salaam ndi Nakonde. Mafakitale olumikiza magalimoto anafooka, ndipo akale ambiri anaphwasulidwa. Amene atsala lero ndi aja amene anagwa m'manja mwa anthu osatopa kugwada pansi pa injini.

Kapangidwe kake kanathandizanso. Thupi la Land Rover ndi la aluminiyamu, losachita dzimbiri, ngakhale tchesisi yake yachitsulo imadyeka ikamakhala pachinyezi. Injini yake ya malita 2.25 imamasulidwa ndi masipanala wamba pansi pa mtengo. Peugeot 504, imene ku France inapangidwa kuyambira 1968 mpaka 1983, inali yokwera pansi ndiponso yofewa m'mabampu, moti ku Kenya ndi ku Nigeria anapitiriza kuilumikiza mpaka zaka zoyambirira za m'ma 2000. Misewu yafumbi yopita ku Chama, kapena yotsikira kuchigwa cha Luangwa kwa Mwanya ndi kwa Chitungulu, inkafuna magalimoto otero.

Pamudzi galimoto imodzi sinali ya munthu mmodzi. Inanyamula mayi wodwala pakati pa usiku kupita naye kuchipatala cha boma, inabweretsa maliro kuchokera kumochale, inatenga mkwatibwi, inakoka matumba a feteleza ndi mabelo a thonje, ndipo pamwambo wa Kulonga inadzaza anthu mpaka matayala kuphwa. Mwini wake ankagogoderedwa pakhomo nthawi iliyonse, ndipo ulemu umene ankalandira unkachokera pamenepo. N'chifukwa chake mawu oti galimoto ikugulitsidwa amalandiridwa ngati nkhani ya mudzi wonse. Komabe chilungamo n'chakuti ntchito zambiri zimenezi zinapita kale kwina. Njinga zamoto zimafika pamene galimoto siingafike, matakisi a Corolla amaitanidwa pafoni, ndipo mbewu zimanyamulidwa ndi malole a Canter. Galimoto yakale yatsala ndi ulemu, koma ulendo wausiku anthu sauikiranso pa injini imene mwina ilira mwina ikana.

Kuisunga kumadya ndalama mwakachetechete. Injini zakalezi zimamwa petulo kwambiri, ndipo kuchokera pamene boma linachotsa thandizo lake pamtengo wa mafuta mu December 2021, lita iliyonse imamveka m'thumba. Pali msonkho wa pamsewu ndi fitinesi ku bungwe la zapamsewu la RTSA, pali inshuwalansi, pali matayala ndi batire. Sipeya yaing'ono imafunika kuitanitsa ku Chipata kapena ku Lusaka, nthawi zina kutsidya la malire ku Malawi. Tsiku limafika pamene chinthu chimodzi chawonongeka nthawi ya feteleza kapena ya fizi, mwini wake n'kunena kuti adzakonza akakolola. Galimoto imakwezedwa pamiyala.

Chimene chimachitikira galimoto yokhala pamiyala n'chodziwika, ndipo chimayenda mofanana paliponse. Matayala amang'aluka ndi dzuwa. Mabuleki ndi kilatchi zimagwirana. Petulo wotsala amauma n'kutseka kabuleta. Makoswe amadya mawaya ndi mipando, madzi a mvula amakhazikika m'tchesisi. Kenaka amabwera mnansi kudzabwereka sitata kwa sabata imodzi, wina batire, wina tayala la ngolo yake, ndipo kukana m'bale n'kovuta. Pakatha mvula zitatu kapena zinayi, chimene chinali galimoto chimakhala chigoba. Mwini wake amaikondabe monga kale, koma chikondi chimenecho sichikuitetezanso. Nthawi yabwino yolekana nayo ndi pamene ikulirabe ikapotokozedwa kiyi, ndipo imeneyo ndi nthawi yomwenso mtima umakana kwambiri. Wofuna kusunga galimoto, kwinaku akufunanso shedi, ndalama zili zochepa, akumbuke za pusi uja anagwa chagada chifukwa cha ichi chakoma ichi chakoma.

Galimoto imodzi yomweyo ili ndi mitengo yosiyana kutengera wogula. Wogula sikilapu amaiyeza pa kilogalamu, ndipo kwa iye Peugeot ndi chitsulo chokasungunulidwa basi. Ogula zidutswa amapereka zochulukirapo akaphatikizidwa: ekiselo ndi malimu zimapita kwa wopanga ngolo, masipuling'i kwa wosula amene amatulutsamo nkhwangwa, zikwanje ndi mipeni, injini mwina kwa makaniko. Magalimoto ambiri a ku Lundazi anathera m'njira imeneyi, ndipo ngolo zambiri zokokedwa ndi ng'ombe m'derali zikuyendera miyendo ya magalimoto akale. Wogula wina ndi uja woifuna yathunthu chifukwa cha ukale wake. Msika wotere ulipo ndithu padziko. Kupanga Land Rover Defender yakale kunatha mu January 2016 ku Solihull, ndipo kuyambira pamenepo zakalezo zakhala zikufunidwa kwambiri. Ku America lamulo limalola kulowetsa mosavuta galimoto imene yakwanitsa zaka 25, zomwe zimakweza mitengo ya Land Rover ndi Land Cruiser zakale. Mitengo imene imaoneka pa intaneti, komabe, ndi ya magalimoto okonzedwa bwino amene ali pafupi ndi doko. Lundazi ali kutali ndi Lusaka makilomita opitirira 700, ndipo wogula amachotsera mtunda umenewo pamtengo.

Wogula wa mtundu umenewu amayang'ana zinthu zimene mwini galimoto nthawi zambiri saziganizira. Amafuna nambala ya tchesisi ndi ya injini zigwirizane ndi zolembedwa m'buku la galimoto, lija amati white book. Amagogoda tchesisi kuti amve ngati yadyeka. Amakondwera ndi magetsi, mawotchi a padashibodi ndi zizindikiro zimene inabwera nazo kufakitale. Penti yatsopano yopakidwa mothamanga imatsitsa mtengo m'malo moukweza, chifukwa imabisa zimene iye akufuna kuona. Choncho ndalama zochepa zimene zilipo n'kwabwino kuziika pa batire, oyilo ndi mabuleki kuti galimoto iyende pamaso pake, ndi kujambula zithunzi zooneka bwino zoti zifike kwa anthu a ku Lusaka. Kugulitsa pangongole, wogula atatenga kale galimoto, kwaphetsa mapulani a anthu ambiri: shedi imafuna ndalama zobwera pamodzi, ndipo zobwera pang'onopang'ono zimathera mumphika. Kalata yogulitsira ilembedwe pamaso pa mboni, ndipo dzina lisinthidwe ku RTSA kuti milandu ya pamsewu isatsate mwini wakale.

Nkhani ya abale imafunika kuikonza wogula asanafike. Ngati amene dzina lake lili m'buku ali moyo, lamulo limamulola kugulitsa, koma nzeru ndi kukhala pansi ndi mkazi wake, ana ndi akuluakulu a banja, chifukwa ena mwa iwo anaponyapo ndalama za matayala kapena za injini m'zaka zapitazi. Ngati anamwalira osasiya wilo, lamulo la Intestate Succession Act la 1989 limagawa chuma chake motere: 50 peresenti kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo, ndi 10 kwa ena amene ankadalira malemuwo, koma galimoto yosachitira malonda imakhala ya mkazi kapena mwamuna wotsalayo ndi ana. Wogulitsa ayenera kukhala amene khoti linamusankha kuyendetsa chumacho. Galimoto siigawika, ndipo ndalama zake zikagawidwa m'manja ambiri sizitsegula kanthu. Mabanja amene amagwirizana kuti zonse zilowe m'shedi imodzi amachita bwino kulemba kuti gawo la aliyense ndi lotani. Ku Lundazi kumakhala Atumbuka, Angoni ndi Achewa, ndipo miyambo yawo ya kulowa chuma imasiyana, ena kuchimuna ena kuchikazi. M'banja losakanikirana, mwana ndi mphwake wa malemu onse akhoza kudziona kuti ndi eni, ndiye kulemba kumateteza ubale.

Ndalama zikafika m'manja, chiyeso choyamba ndi kumanga. Munthu amene wataya chinthu chooneka amafuna msanga china chooneka, ndipo amathira zonse m'njerwa, simenti ndi malata. Nyumba imatha, koma mulibe thabwa ngakhale limodzi. Shedi yoyambira siifuna zambiri: mizati yolimba, denga losadontha, kachipinda kokhoma zida, ndi benchi lolemera losagwedera. Malo ake akhale pamene anthu amadutsa, m'mbali mwa msewu kapena pafupi ndi msika. Pa malo a mfumu chilolezo chimayambira kwa nyakwawa, ndipo wofuna kuwasandutsa a lizi pansi pa lamulo la malo la 1995 amafunika chivomerezo cha mfumu ndi cha khonsolo. N'kofunika kudziwa kuti malowo ndi a yani asanakumbe dzenje loyamba.

Zida zimatsatira ntchito imene yasankhidwa. Kalipentala amayamba ndi sowo, pulena, matchizulo, hamala, sikweya, tepi ndi makilampu ochuluka kuposa mmene amaganizira poyamba. Wowotcherera amafuna makina owotcherera, gulainda, dirilo, vaisi ndi chigoba choteteza maso. Wosula amafuna mvukuto, chitsulo chosulirapo, mbaniro ndi makala. Makina amagetsi amafulumizitsa ntchito, koma amadalira magetsi amene sapezeka nthawi zonse. Kwa zaka zambiri Lundazi ankalandira magetsi kuchokera ku Malawi, ndipo ngakhale mawaya a Zesco ochokera ku Chipata anafika, chilala cha 2024 chinaphwetsa madzi ku Kariba moti dziko lonse linkakhala maola ambiri patsiku lili mumdima. Amisiri amene anali ndi zida zamanja ndi luso lozigwiritsa ntchito anapitiriza kupala matabwa, pomwe odalira makina okha anakhala pansi. Jenereta imapulumutsa wowotcherera, koma mafuta ake ayenera kuwerengeredwa pamtengo wa chitseko chilichonse.

Matabwa ndiwo amafuna kuleza mtima kwambiri. Mlombwa ndi mbawa ndi mitengo imene anthu amaikonda pa zitseko ndi mipando, koma ikuchepa, ndipo kudula kapena kunyamula matabwa ake kumafuna chilolezo cha nthambi ya zankhalango pansi pa lamulo la 2015. Mukula, m'bale wake wa mlombwa, anadulidwa mosasamala kuti atumizidwe kunja mpaka mu 2019 anaikidwa pamndandanda wa CITES wa mitengo yoyang'aniridwa pamalonda a pakati pa mayiko. Shedi imene ikufuna kukhalitsa imagula matabwa okhala ndi mapepala, imaphunzira kugwiritsa ntchito paini, bulugamu ndi malaina, ndipo imasunga mtengo wolimba pa zinthu zoyeneradi. Thabwa laliwisi likakhomedwa limapindika likamauma, chitseko n'kuyamba kukana kutseka, dzina la mmisiri n'kuipa. Matabwa amasanjidwa pamthunzi, timitengo tili pakati pake kuti mphepo idutse, kwa miyezi ingapo. Ndiye kuti gawo lina la ndalama za galimoto limagona mumulu wa matabwa osabweza kanthu kwa nyengo yathunthu, ndipo gawo limeneli ndi limene ambiri amaiwala kulipatula.

Msika wa shedi ya ku Mphamba ndi alimi. Ku Mfuwe kuli alendo odzaona nyama, ndipo kampani ngati Tribal Textiles, imene Gillie Lightfoot anaiyambitsa mu 1991, inakula pogulitsa nsalu zojambulidwa pamanja kwa alendowo ndi kumayiko akunja. Ku Lundazi alendo otere ndi ochepa. Kuno ndalama zimayenda kuyambira May mpaka September, anthu akagulitsa chimanga, soya, mtedza, mpendadzuwa, thonje ndi fodya. Pamenepo m'pamene amamanga nyumba za malata, n'kufuna mafelemu, zitseko, mabedi, mipando ndi ngolo. Mu January ndi February ntchito imakhala yokonza mapulawo, kuwotcherera njinga ndi kukhoma mabokosi a maliro. Chifukwa cha kayendedwe kameneka, galimoto yogulitsidwa nthawi yokolola, pamene ogula ali ndi ndalama, imapereka mpata wogula matabwa m'chilimwe, kuwaumitsa, kupanga katundu m'dzinja ndi kukumana ndi msika wa chaka chotsatira manja ali odzaza.

Pali msika winanso umene wakula posachedwapa. Mu 2022 boma linayamba maphunziro aulere mpaka kusekondale, ana anadzaza m'makalasi, ndipo madesiki anachepa. Chaka chomwecho ndalama za chitukuko cha m'madera a aphungu, za CDF, zinakwezedwa kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse, ndipo zina mwa izo zimagulira madesiki ndi kulipirira achinyamata maphunziro a ntchito zamanja. Kuti shedi ipikisane nawo pa ntchito zotere iyenera kulembetsedwa ku PACRA, kukhala ndi nambala ya msonkho ya ZRA ndi akaunti ya kubanki. Malipiro a ntchito za boma amabwera katundu ataperekedwa kale, ndiye wopanda ndalama zosungira amakakamizika kukatenga kaloba, phindu lonse n'kupita kwa wobwereketsa.

Kusinthanitsa chida chokondedwa ndi zida za umisiri si chachilendo m'boma lino. Bungwe la COMACO, limene Dale Lewis analiyambitsa mu 2003 ndipo Lundazi ndi amodzi mwa malo amene linayambira, lakhala likulandira mfuti ndi misampha kwa alenje opha nyama mozemba, n'kuwaphunzitsa ulimi wosamala nthaka, ulimi wa njuchi ndi ntchito zamanja monga ukalipentala. Mfuti kwa mlenje inali dzina lake ndi ulemu wake, kawirikawiri yosiyidwa ndi bambo ake. Chimene chinapangitsa ambiri kusabwerera kutchire n'chakuti kuseri kwa maphunzirowo kunali msika wogula zokolola zawo, wa katundu wa It's Wild. Wogulitsa galimoto ali ndi phunziro pamenepo: zida pazokha sizidyetsa munthu ngati sanadziwe amene adzagule chimene zidazo zipange.

Chinthu chamtengo wapatali kwambiri chimene galimoto yakale imasiya sichilowa m'kalata yogulitsira. Munthu amene wayendetsa Land Rover zaka 30 m'misewu ya Lundazi amadziwa kuyeza, kupala chitsulo, kumva makina akayamba kudwala, ndi kupanga chosowa kuchokera pa chimene chilipo. Jenereta, gulainda ndi makina opalira matabwa zimafuna khutu lomwelo. Bokosi la masipanala, vaisi ndi jeke siziyenera kupita ndi wogula. Dera lino linali ndi osula ake kalekale, amene ankasungunula miyala m'ng'anjo n'kutulutsa makasu, ndipo luso lawo linkayenda kuchoka kwa wamkulu kupita kwa mnyamata wopopa mvukuto. Galimoto imanyamula woyendetsa mmodzi ndipo siiphunzitsa ambiri, pomwe shedi imatenga anyamata ndi atsikana awiri kapena atatu nthawi imodzi. Amene aphunzira bwino akhoza kukayesedwa mayeso a umisiri a TEVETA kapena kupitiriza ku Chipata Trades Training Institute, n'kupeza pepala lowatsegulira ntchito kwina. Pangano la wophunzira likhale lomveka kuyambira tsiku loyamba: akhala nthawi yaitali bwanji, adya chiyani masana, ayamba liti kulandira kanthu pa katundu amene wapanga, ndipo adzatuluka ndi zida ziti.

Udindo umene galimoto inali nawo pamudzi susowa, umangosamukira kushedi. Amene ankagogoda usiku kupempha ulendo wa kuchipatala adzabwera m'mawa kupempha bokosi la maliro, ndalama adzapereka akakolola. Kukana zotere n'kosatheka kwa munthu wokhala pakati pa abale ake, ndipo sikoyenera. Koma shedi yongoyamba ikhoza kutha ndi ngongole zachifundo isanakwanitse chaka. Amisiri okhalitsa amapatula matabwa ena otsika mtengo kuti akhale a zovuta za mudzi, amalemba m'buku dzina ndi tsiku la aliyense wotenga pangongole, ndipo pa ntchito wamba amalandira theka la mtengo asanadule thabwa. Kunyamula katundu, kumene kale kunali kwa galimoto ija, kumagwera ngolo pa maulendo apafupi ndi lole yahayala pa akutali, ndipo mtengo wake umalowa pa chitseko kapena desiki monga mmene umalowera wa misomali ndi guluu.